Sitata Yokakamira

Thirakitala ya kopaletivi inatha masiku asanu ndi anayi ili pomwe inaimira, mphuno itatsamira chulu kumapeto kwa munda wa Friday Jere. Palibe anaikhudza. Amayi opita kudambo ankailambalala, kulolera kudzera njira ya kunkhalango ngakhale inali yotalika. Mvula yoyamba ya dzinja la 1979 inaipeza pomwepo, inatsuka matayala, n'kufafaniza zonse zimene zinatsala pansi.

Inali thirakitala yakale zedi, yaing'ono, yotuwa ngati phulusa. Inayamba kulimira mzungu wa fodya dziko lisanalandire ufulu, inadutsa m'manja mwa boma, pomaliza n'kubwerekedwa kwa alimi makumi anayi a m'mudzi wa Chaola, kwa Chikomeni. Woyendetsa wake anali Friday yemweyo, mkamwini wochokera kwa Kapichila, mwamuna wa Tryphena Mvula. Ndi iyeyo amene thirakitalayo inamuponda.

Haswell Mvula, mlongo wake wa Tryphena, anagwira umakanika ku migodi ya ku Luanshya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi asanabwerere kumudzi. M'dera lonselo munalibe womuposa pa za injini. Tsiku la ngozi ndiye anayamba kufika atamva kukuwa kwa mlongo wake. Ndiye anamanga mwendo wophwanyikawo ndi malaya ake, ndiyenso anathamangira ngolo yomutengera mlamu wake kumsewu waukulu. Koma kuchokera tsikulo phazi lake silinaponde ku chipatala ku Lundazi. Ankati msana wamugwira. Mkazi wake, Justina, ankamuona akuwaza nkhuni ndi msana womwewo.

M'mawa wa tsiku lakhumi, Lolemba, kunabwera a Whiteson Mwanza, tcheyamani wa kopaletivi komanso wa nthambi ya chipani. Anali bambo woonda, wosaipa mtima, woyenda ndi mapepala m'thumba la malaya nthawi zonse. Atapatsana moni, anakana mpando, n'kunjuta pafupi ndi nkhokwe.

"A Mvula, Lachisanu kukubwera ofisala wa zamakina kuchokera ku boma. Akufuna kuona thirakitala."

"Ili pachulu. Akaione."

"Tisalankhule ngati ana, a Mvula. Akapeza kuti makina ali ndi vuto, alemba kuti sitikuisamala, aitenga akapereke kwina. Ofuna alipo ambiri. Mvula yagwa. Minda makumi atatu ndi isanu ndi umodzi sinalimidwe. Ng'ombe zolimira zatsala zingati m'mudzi muno? Zinayi. Zina zonse matenda anakolola."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani?"

"Mukonze sitata. Munthu uja akadzangopotoza kiyi, ilire. Basi."

"Nanga akafunsa kuti Friday anapondedwa bwanji?"

A Mwanza anagwira thumba la malaya, osatulutsa kanthu.

"Tinalemba kale. Tinati woyendetsa anali atalawako."



"Friday? Munthu wokana ngakhale thobwa logona?"

"Ndikudziwa. Ndimakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Koma pepala limafuna wolakwa, ndipo wolakwayo akakhala makina, mudzi wonse ugona ndi njala. Mwendo wapita kale, a Mvula. Kulemba zina sikuubweza."

A Mwanza atachoka, Haswell anakhalabe pakhonde, manja ali pamaondo. Panali nkhani imene a Mwanza sankaidziwa.

Vuto la sitata, chipangizo chodzutsira injini, linayamba mu Ogasiti, nthawi yokokera chimanga ku depoti. Ukapotoza kiyi inkangoti kha! n'kukhala duu. Tsiku lina kagiya kake kankalowa m'mano a injini n'kukakamira momwemo, mpaka anthu asanu akankhe thirakitala uku ndi uku kuti kamasuke. Friday anabwera kudzadandaula, chipewa chili m'manja. Koma Haswell anali ndi chotupa mumtima. Pamene thirakitala inkabwera, iye ankayesa kuti aipereka m'manja mwake. Komiti inasankha mlamu wake, amene anangophunzira masabata awiri ku Chipata, ati chifukwa ndi wachinyamata komanso sasowa pa misonkhano ya chipani. Haswell anameza, koma sizinatsike.

Choncho tsiku limenelo sanatsegule sitata. Anangotenga sipanala, n'kuigunditsa pa mabawuti awiri a pakabokosi ka magetsi kokhala pamwamba pa sitata. Moto unathetheka, injini inalira.

"Muzichita chonchi pakadali pano, alamu. Ndibwera Loweruka ndidzaitsegule."

Friday anaseka ngati waona matsenga, nathokoza ndi manja awiri.

Opanga thirakitalayo sanali opusa. Anaikonza mwakuti kiyi sangadzutse injini ngati ili m'giya. Koma sipanala sidziwa za giya. Ndipo kuti munthu afikire mabawuti awiriwo, ankayenera kutsika, kuima pansi, kutsogolo kwenikweni kwa tayala lalikulu lakumbuyo. Haswell ankazidziwa zonsezi monga ankadziwira dzina lake. Chimene sankatha kukumbukira n'chakuti kaya anamuchenjeza Friday kuti aziyamba wachotsa m'giya. Masiku asanu ndi anayi anakhala akubwereza tsiku lija m'mutu. Pena ankadzimva akunena. Pena ankangodziona akupukuta manja n'kutembenuka.

Lolemba lomwelo, dzuwa litakwera pang'ono, anatulutsa bokosi lake lachitsulo la ku migodi, beseni lakale, ndi botolo la palafini.

"Palafini ndi yemweyo, abambo," anatero Justina. "Kusitolo kulibe mwezi wachiwiri uno."

"Ndikudziwa."



Kumunda kunali zii. Udzu unali utayamba kale kumera m'mizere iwiri imene Friday analima asanazimitse injini kuti achotse chitsa pakhasu. Haswell anakwera, n'kugwira ndodo ya magiya. Inali idakali m'giya yoyamba, momwe inakhalira pamene chulu chinaizimitsa. Anaibweza pakati, n'kuigwedeza kanayi konse ngakhale kamodzi kanali kokwanira. Kenako anamasula waya wa batire, n'kuika miyala kumatayala.

Mabawuti omangira sitata anali atatu. Awiri anamvera. Lachitatu, la m'kati pafupi ndi injini, linali litadyana ndi dzimbiri. Analidontheza palafini, analigogoda, anadikira, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Sipanala inaterereka, chala chinakhula chitsulo, khungu linasendeka. Anayamwa magaziwo, analavula, n'kuyambanso. Litamasuka, anakumbatira sitatayo, yolemera ngati mwana wa mbuzi, n'kukaigoneka pathumba pansi pa mtengo wa msuku.

Vuto loyamba linaonekera poyera. Kagiya ka sitata kamayenda pa chitsulo chopota ngati sikuluwu. Kamayenera kuthamanga kukaluma mano a injini, injini ikalira n'kubwerera kokha. Apa chitsulo chonsecho chinali chitamatidwa ndi girisi wakuda wosakanikirana ndi fumbi, wouma ngati phula. Haswell anazindikira chimene chinachitika. Friday, atatopa kudikira, anapakapo girisi yekha, poganiza kuti chitsulo chokakamira chimafuna mafuta. Aliyense wosauzidwa akanaganiza chimodzimodzi. Pamalo pamenepo sipafuna girisi ngakhale pang'ono, ndipo kunena zimenezo kukanangotenga mpweya umodzi.

Anatsuka ndi palafini, akukolopa m'mizere ndi kamtengo kosongola, mpaka beseni linada bii. Mano atatu a kagiyako anali atapindika nsonga. Anawasalaza ndi tupa pang'onopang'ono, akuyesa ndi chala. Zitauma padzuwa, anasenda pensulo, n'kukhutiza mtima wake wakudawo pachitsulo chopota chija. Anakankha kagiya ndi chala chimodzi. Kanayenda kokha mpaka kumapeto, n'kubwerera kuti tswee.

Kenako anatsegula kabokosi ka magetsi. M'kati munali kambale ka mkuwa, kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo la mankhwala, kamene kamalumikiza moto munthu akapotoza kiyi. Nkhope yake inali yopsa, yakuda, yamaenjemaenje. N'chifukwa chake kiyi ankangoti kha. Katsopano sakanakapeza, ngakhale ku Chipata. Masiku amenewo zipangizo za makina zinali zosowa ngati mchere ndi sopo. Koma sipankafunika katsopano. Anangokatembenuza. Kuseri kunali mkuwa wosalala, wowala, wosakhudzidwa chiikireni.

Pamene ankamanga bawuti lomaliza, mthunzi wa msuku unali usanafike n'komwe pamapazi ake. Ntchito yonse sinakwane maola atatu.

Anakhala pansi, msana utatsamira tayala lakutsogolo. Maola atatu. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, maola atatu.

Kenako anakwera pampando, anaonanso magiya, n'kupotoza kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo, utsi wakuda n'kukwera. Anaibweza chambuyo kuichotsa pachulu. Anthu anatuluka m'nyumba atamva phokosolo. Mayi wina kumudzi anayamba nthungululu, koma anailekeza pakati.

Lachitatu kusanatenthe, Haswell anakwera njinga kupita ku Lundazi. Msewu unali wamatope, malo ena ankachita kuinyamula paphewa. Anafika dzuwa litapendeka. Anapeza Tryphena kuseri kwa chipatala, pansi pa mitengo pamene odikirira odwala amaphikira. Anali atatha thupi, chitenje atachikulunga kawiri m'chiuno. Ataona mlongo wake sanadzuke.

"Mwafika, achimwene."

"Ndafika. Odwala ali bwanji?"

"Lowani mukaone. Bedi lachinayi kumanzere."

Friday anagona chagada, bulangete litafika pachifuwa. Kumanja, kumunsi kwa bondo, bulangetelo linagona fulati pamatiresi. Madokotala anayesetsa masiku atatu, koma fupa linali litanyenyeka. Friday ataona mlendo, nkhope yake inawala, ndipo kuwalako kunamulasa Haswell kuposa chipongwe chilichonse.

"Monire, mulamu! Mwayenda uli?"

"Bwino, alamu. Kaya inu, thupi?"

"Likuyesa. Koma chala chachikulu chikuyabwa, chomwe kulibecho." Anaseka pang'ono. "Mvula yagwa kwathu?"

"Yagwa. Kawiri."

"Nanga thirakitala?"

"Ndaikonza dzana."

"Yewo," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo. "Chinali chiyani?"

Haswell anamufotokozera za kambale ka mkuwa ndi za kagiya. Za girisi sananene. Friday ankamvetsera ndi chidwi, akugwedeza mutu ngati mawa akwerapo. Pabedi loyandikana nalo, nkhalamba ina inkatsokomola.

"Alamu," anatero Haswell, "tsiku lija ndinkakuonetsani za sipanala, kodi ndinakuuzani kuti muziyamba mwachotsa m'giya?"

Friday anayang'ana kudenga, akuganiza moona mtima.

"Sindikumbuka, mulamu. Kapena munanena. Ine masiku onse ndinkachotsa. Tsiku lija mitambo inali itadera kum'mawa, ndinkafuna nditsirize munda mvula isanagwe. Mutu unali kumitambo." Anapuma. "Za mwendo ndazilandira. Chimene chikundisowetsa tulo n'china. Amama anabwera kuchokera kwa Kapichila. Anakhala pomwe mwakhalapo, n'kundifunsa kuti, mwana wanga, mowa unayamba liti? Ati nkhani yafika kale kwathu. A Robson Phiri, mkulu wa mpingo, anabweranso Lamulungu. Ati ndikatuluka ndikaonekere pamaso pa akulu, ndiyambe ndaima pa mgonero. Ine ndinawauza kuti sindinamwe. Anati pepala la boma silinama."

Misozi inatsikira m'makutu mwake. Sanaipukute.

Panja, Tryphena ankasonkhezera moto umene sunkafuna kusonkhezera. Haswell anaima chapatali, akusowa poyambira. Amene anayamba kulankhula anali mlongo wakeyo, osatukula mutu.

"Achimwene, Loweruka lanu lija linali liti?"

Tryphena anakankhira chikuni pamoto, n'kupitiriza.

"Mlamu wanu anabwera kwanu katatu. Kachitatu munatuma alamu anga a Justina kuti anene kuti mwapita kudimba, inu muli m'nyumba. Anaona njinga yanu, anaonanso nsapato zanu pakhomo. Atabwerako anangoti, mulamu watanganidwa, tisamuvutitse. Ine ndinafuna kubwera ndekha, anandiletsa. Ati mkamwini sakakamiza eni mudzi."

"Mlongo wanga..."

"Musandiuze ine. Ine ndikudziwa kale. Kauzeni amene sakudziwa."

Haswell anagona kwa mnzake wakale wa ku migodi amene ankasoka nsapato pamsika, ndipo Lachinayi anabwerera. Njira yonse ankawerenga minda m'mutu: wa amayi ake a Judith, amasiye olera ana asanu, wa a Mwanza, wa nkhalamba ziwiri za kutsidya kwa dambo zosatha kugwira khasu, wake womwe. Akafika kumapeto ankayambiranso, ndipo yankho silinkabwera.

Ofisala anafika Lachisanu chakum'mawa pa njinga yamoto, matope mpaka m'maondo. Anali Amon Sakala, mnyamata wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Mudzi wonse unasonkhana pashedi ya kopaletivi. A Mwanza anayamba ndi mfuu ya chipani, anthu anayankha, amayi anaimba nyimbo imodzi yolandirira mlendo. Sakala anazungulira thirakitala, anaona mafuta, anagogoda matayala ndi nsapato, anakwera, n'kupotoza kiyi. Inalira. Anaizimitsa, anapotozanso. Inaliranso.

"Ilibe vuto iyi," anatero akutsika. "Yakalamba, koma muisamala bwino. Ndani makanika wanu?"

A Mwanza analoza Haswell, nkhope ili mwee.

"Madala, mwagwila nchito," anatero Sakala akulemba m'kabuku. "Ndiye tsiku la ngozi inali chabe bwino monga lelo, ayi?"

Linali funso longotsekera nkhani. Mnyamatayo sanatukule n'komwe maso. Haswell anaona amayi ake a Judith atakhala kutsogolo, manja ali pachibwano.

"Ayi, bwana. Sinali bwino."

Pensulo inaima.

"Sitata inali yokakamira kuyambira Ogasiti. Ndaikonza Lolemba lapitali. Woyendetsa anandiuza katatu, ine sindinapite. M'malo mwake ndinamuphunzitsa kulizira ndi sipanala ataima pansi, njira imene ku migodi akakupeza ukuchita amakuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Sanamwe mowa. Samwa. Ngati mukufuna wolakwa woti mulembe, lembani Haswell Mvula. Ndikhoza kutsegula muone mkuwa wopsawo, uli momwemo."

Phokoso linabuka ngati njuchi. "Khalani pansi, a Mvula!" anakuwa wina kumbuyo. "Mukufuna kutiphetsa ndi njala?" A Mwanza anaimirira.

"Bwana, munthu uyu asakusokonezeni. Ndi mlamu wake, chisoni chamuzunguza mutu. Ife a nthambi tikhala naye pansi."

Sakala anayang'ana Haswell, anayang'ana khamulo, kenako kumwamba kumene mitambo inkasonkhana. Anakanda m'mutu ndi pensulo. Pamene analankhula, anatsitsa mawu, koma a kutsogolo anamva.

"Madala, lipoti ya ngozi inapita kale ku Chipata, inataipidwa, inadindidwa. Nikalemba ina, azaitanitsa thilakitala kuti akaiyeze, ndipo simuzaionanso chaka chino. Ine ananituma kuona ngati ilila. Napeza ilila. Nizalemba zamene napeza."

"Nanga dzina la munthu?"

"Ilo siili mu fomu yanga."

Anatseka kabuku, anakana nkhuku imene amayi anamukonzera, n'kuliza njinga yake kuthawa mvula.

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Ena ankati Haswell wapenga, ena ankati akanangokhala chete poti zinthu zinali zitatha kale bwino. Amayi ake a Judith anadutsa pafupi naye osamuyang'ana. Amene anatsala anali a Robson Phiri, mkulu wa mpingo uja, bambo wa imvi woyenda ndi ambulera. Anaima patsogolo pake.

"Zimene mwanenazi, mungakazinenenso Lamulungu pamaso pa mpingo?"

"Ndikanena."

"Ndiye ine mawa ndipita ku Lundazi. Ndinamulankhula mawu olemera mwana uja ali pabedi." Anatsegula ambulera, n'kuitsekanso. "Koma inunso mudziwe kuti akulu adzafuna kukuonani."

"Ndikudziwa."

Lamulungu Haswell ananenadi, ataima kutsogolo, chipewa chili m'manja. Akulu anamuimitsa pa mgonero miyezi isanu ndi umodzi, n'kulemba kalata yopita ku mpingo wa kwa Kapichila yoyeretsa dzina la Friday. A nthambi ya chipani nawo anamuitana, anamukhazika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kumulemba m'buku kuti ndi munthu wosokoneza chitukuko. Anamuchenjeza kuti akadzabwerezanso kunyoza atsogoleri pamaso pa mlendo, khadi lake la chipani adzalanda. Pepala la ku Chipata lokha silinasinthe. Kumeneko Friday Jere anakhalabe woledzera.

Komabe minda inkadikira, ndipo woyendetsa wina kunalibe. Lolemba a Mwanza anatumiza kiyi kudzera mwa Justina, popanda mawu. Haswell analima kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku, mpaka Khirisimasi itadutsa. Mpando umene ankaulakalaka zaka zitatu unamutupitsa msana. Eni minda ena ankamubweretsera madzi ndi chimanga chokazinga, ena ankangoloza malire ndi ndodo n'kubwerera. Minda isanu ndi itatu yomalizira inabzalidwa mochedwa, ndipo chimanga chake chinangofika m'chiuno.

Friday anatuluka m'chipatala mu Januwale. Sanakhalitse ku Chaola. Mkamwini wosatha kulima sankadziona bwino pamudzi wa eni, ngakhale panalibe anamunena. Mkulu wake, Danwell, anabwera ndi ngolo ya ng'ombe zinayi kuchokera kwa Kapichila kudzatenga banja lonse. Kumeneko kunali ng'ombe za bambo awo, ndipo munthu wa mwendo umodzi akhoza kukama, akhoza kusema magoli ndi kupota zingwe.

Haswell anapita kukathandiza kupakira. Ananyamula bedi, mtondo, matumba awiri a mtedza, makina osokera a Tryphena. Danwell sanamupatse moni. Tryphena ankangomuuza poika katundu. Friday anaima pambali pa ndodo zake ziwiri za kuchipatala, mapewa atakwera mpaka m'makutu, nkhope itakwinyika.

"Mulamu," anaitana, "ndodo izi zikundicheka m'khwapa. Kaya ndine wamfupi, kaya."

Haswell anaziyang'ana. Zinali zazitali ndi zala zitatu. Anathamangira kwake, anabwera ndi sowo, misomali ndi chidutswa cha tayala lakale la njinga. Anamukhazika mlamu wake pamtondo, anayeza kuchokera m'khwapa mpaka pansi ndi chingwe, anadula, n'kukhomera mphira kunsi kuti zisamaterereke m'matope. Friday anaimirira, anayenda mpaka pankhokwe, n'kubwerera. Mapewa anali atatsika.

"Apa ndiye zakhala. Yewo chomene."

Anamukweza pangolo anthu awiri, Haswell mbali ino, Danwell mbali inayo. Ana anakwera pamatumba. Tryphena anatseka chitseko cha nyumba yopanda kanthu, n'kumangirira ndi waya. Anafika pamene panaima mlongo wake, akukonza mwana kumsana.

"Nkhuku zatsala zisanu, zakana kugwidwa. Muwauze alamu azitenge. Denga la nkhokwe likudontha mbali ya kumadzulo."

"Ndiona."

"Manda a amayi muzilambula. Ine sindidziwa kuti ndidzabwera liti."

Danwell anakwapula chikoti m'mwamba, ng'ombe zinadzuka. Haswell anaiperekeza ngoloyo mpaka pamtsinje, akukankha pamene magudumu ankatitimira, ndipo itaoloka anaima kutsidya lino, madzi akumudutsa m'akakolo. Friday anakweza dzanja. Tryphena anali atayang'ana kutsogolo, akuletsa mwana kuti asatsamire m'mphepete.

Haswell anabwerera kumudzi dzuwa lili pamutu. Justina anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku zija kuseri kwa nyumba ya mlamu wake, ndipo zinayi anali atazigwira. Yachisanu inathawira m'chimanga, inakagonera kuthengo masiku atatu isanabwere yokha kudzalowa m'khola la eni atsopano.